Mejidi Yopanda Bowo

Kwa zaka makumi atatu a Tawfiq akhala akuyala tebulo lawo pa chionetsero cha ndalama zamakedzana ku Amman, ndipo amadzitama ndi zinthu ziwiri: sanabwezepo mawu atagwirana chanza ndi wogula, komanso sanakandepo ndalama ngakhale ndi chikhadabo. Loweruka lina m'mawa kunabwera munthu wa manja ngati mafosholo, chikwama cha zipangizo chili paphewa, kudzawaphunzitsa kuti zinthu ziwirizi sizikwera bulu mmodzi.

"Mtendere ukhale nanu, Haji. Ndinu ogulitsa ndalama?"

"Nanunso mtendere. Ine sindigulitsa ndalama, achimwene, ndimasunga mbiri," anatero a Tawfiq akukonza kolala.

"Oho, pepani. Nanga ogulitsa ali tebulo liti?"

"Ndine ndemwe. Khalani pansi."

Mlendoyo anakhala, mpando n'kulira. Anati dzina lake ndi Khamis, wokonza mipope wa ku Zarqa, ndipo kuno n'koyamba kupondako. Ankafuna mejidi, ndalama yasiliva ikuluikulu ya nthawi ya masulutani. A Tawfiq anamva mtima kukoma, chifukwa pakati pa tebulo, pakansalu kofiira, panagona mejidi yawo yomwe inali isanayendepo m'thumba la munthu chipangidwire. Anaigula ali ndi tsitsi, ndipo ankaikonda kuposa momwe amakondera abale awo ena.

A Khamis anatambasula dzanja.

"Musakhudze!"

"Yatentha?"

"Siyinatenthe. Ndalama ngati iyi timaigwira m'mphepete, ndi zala ziwiri. Chonchi. Ndipo musaipumire."

A Khamis anaigwira m'mphepete, nayandikitsa kumaso, n'kukhala chete. Nkhope inayamba kufiira, mitsempha ya m'khosi n'kutupa.

"Mwatani kodi?"

"Mmmh!"

"Pumani, bambo inu, mufera patebulo panga! Ndati musapumire pandalamapo, sindinati musiye kupuma."

"Mukananena choncho," anatero a Khamis akupuma wefuwefu. "Ndiilume?"

"Muilume bwanji?"

"Agogo anga siliva ankamudziwa ndi mano."

"Agogo anu Mulungu awachitire chifundo, koma akanabwera pano ndikanawatulutsa. Bweretsani kuno."

"Ndi zingati?"

"Madinari zana limodzi ndi makumi awiri."

Mtengo umenewu sunali wogulitsira, unali mpanda. Chaka ndi chaka anthu ankaumva, n'kuimba mluzu, n'kupita, mejidi n'kubwerera kunyumba ndi mwini wake. A Tawfiq anatsamira mpando kudikira mluzuwo.

"Chabwino," anatero a Khamis.

"Chabwino chiyani?"

"Ndagula."

"Simunenerera?"

"Kodi mtengowo ndi wabodza?"

"Wabodza? Ine?"

"Ndiye ndinenererenji?"

Dzanja longa fosholo lija linali kale m'malere. Mpaka lero a Tawfiq amalumbira kuti iwo sanatume dzanja lawo, linanyamuka lokha. Zoona zake n'zakuti dyera linathamanga kuposa nzeru. Anagwirana chanza, ndipo a Yaqub a tebulo loyandikana, amene sagulitsa kanthu chaka chonse koma amaona zonse, anafuula kuti, "Mabruk! Mulungu adalitse malondawo!" Holo yonse inamva.

A Khamis anapisa dzanja m'thumba kuti alipire.

"Ayi, ayi, bwezani," anatero a Tawfiq monyada. "Kuno si ku golosale. Timamwa kaye tiyi, ndalama pambuyo. Chanza chakwana, katunduyo ndi wanu."

"Wangadi?"

"Wanu ndithu."

"Ndichite naye chomwe ndifuna?"

"Mwini wake ndinu."

A Khamis anatsegula chikwama chija, natulutsa hamala ndi msomali wa mainchesi anayi, n'kuziika pafupi ndi matambula a tiyi.

"Tebulo likugwedera?" anafunsa a Tawfiq, mawu atachepa.

"Ayi. Ndikufuna kuiboola."

"Kuboola chiyani?"

"Mejidi yanga."

Tiyi analowa njira yolakwika. A Tawfiq anatsokomola mpaka magalasi kugwera pamiyendo, a Khamis n'kuwamenya pamsana ndi dzanja lomwe limamasula mipope yadzimbiri.

"Basi, basi, mundithyola! Mwati muiboole? Mukudziwa kuti ndalama iyi yapulumuka nkhondo zingati yopanda ngakhale kachipsera?"

"Ndiye ndi yolimba. Msomali uwu ukwanitsa?"

"Mulungu wanga! Muibooleranji?"

"Nanga isokedwa bwanji yopanda bowo?"

Nkhani inali yakuti mwana wamkazi wa a Khamis, Rawan, akukwatiwa Lachinayi. Pa usiku wa hina, pamene mkwatibwi amapakidwa utoto m'manja, adzavala chisoti cha agogo ake, chosokerera ndalama zasiliva kuzungulira pamphumi. Ndalamazo zinali makumi anayi. Dzana mayi a Basel, akazi awo, atachitulutsa m'bokosi anapeza mpata ngati wa dzino loguluka.

"Inabedwa?"

"Ayi. Ili pa thanki ya dokotala wina ku Zarqa."

"Pa thanki?"

"Zaka zisanu ndi zinayi zapitazo. Linali Lachisanu, tsiku la mapemphero, masitolo atatseka, thanki ikudontha, washala ndilibe. Ndiye ndinakumbuka kuti kunyumba kuli zitsulo zoboolaboola kale."

"Munaika mejidi ya sulutani pampopi?"

"Sinadonthenso mpaka lero," anatero a Khamis, ndipo ankaoneka kuti akudikira kuyamikiridwa.

A Tawfiq anatseka maso n'kuwerenga mayina a Mulungu angapo. Kenaka nzeru inawafikira, ndipo anadzitamandira mumtima kuti ukalamba si matenda okhaokha. Anakoka kabokosi ka nsapato pansi pa tebulo. Munali ndalama zakuda, zoperepeseka, iliyonse ndi bowo lake, ndipo pachivundikiro analembapo ndi dzanja lawo: ZOBOOLA, 15.

"Mwayi wanu, mmisiri. Onani, mamejidi oboola kale. Madinari khumi ndi asanu basi. Ntchito yachepa, ndalama zatsala."

"Chifukwa chiyani izi zatchipa?"

"Chifukwa ndi zoboola! Mvetsetsani, ili ndi lamulo la ntchito yathu. Ndalama ikangobooledwa yafa. Kaya ndi yokongola bwanji, kaya yabooledwa dzulo, kaya zaka zana zapitazo, patebulo panga ndi khumi ndi asanu. Ndalalikira zimenezi zaka makumi atatu. A Yaqub, ndikunama?"

"Timachita kutseka makutu," anatero a Yaqub.

A Khamis anasuzumira m'bokosimo, manja ali kumbuyo, osapuma.

"Izi anavalapo akwatibwi ena?"

"Eya! Zili ndi mbiri, zavinapo maukwati."

"Ndiye ayi."

"Ayi bwanji?"

"Mayi a Basel anandichenjeza. Anati ukwati ukanayenda bwino, chisoti chikanakhala kwa zidzukulu. Ndalama yopezeka m'bokosi la nsapato ndi ya banja lomwe linatha. Mukufuna mwana wanga avale tsoka la eni pamphumi?"

M'mabuku onse a ndalama amene a Tawfiq anawerenga munalibe tsamba loyankha mayi a Basel.

"Imateni ndi guluu."

"Anati bowo."

"Muisokere kathumba."

"Anati bowo."

"Muiike m'kachitsulo kozungulira, kokhala ndi kangowe pamwamba. Osula siliva amachita zimenezo."

"Haji, inu muli pabanja?"

"Zaka makumi anayi."

"Ndiye mukundivutitsiranji? Anati bowo."

Thukuta linayamba kutsika m'khosi mwa a Tawfiq. Anaweramira kutsogolo n'kunong'ona.

"Tamverani, mbale wanga. Tingoiwala zonsezi. Simunalipire kanthu. Tiyi ndi wanga, ndikuonjezerani ndi ya basi."

"Mukubweza mawu?" anafunsa a Khamis ndi mawu omwe amaitanira anzawo ali padenga.

A Yaqub anavula magalasi kuti aone bwino. Uko kwa ogulitsa ndalama zamapepala mitu inadzuka umodziumodzi.

"Ndani wabweza mawu?" anakuwa a Tawfiq akuseka chiseko chowawa. "Tikucheza! Katunduyo ndi wawo!"

"Ndimadabwa," anatero a Khamis. Anatenga mejidi ija m'mphepete, ndi zala ziwiri monga anaphunzitsidwira, naigoneka pa simenti. Anagwada, n'kuimika msomali pakatikati, pachidindo cha sulutani penipeni.

"Osati pamenepo!"

"Pakati ndi pomwe pamalimba. Washala aliyense..."

"Si washala! Bowo limakhala pamwamba, m'mphepete, kuti chidindo chiziimirira. Mukufuna sulutani azilendewera chadodolido pamphumi pa mwana wanu?"

"Apa?"

"Mwatsitsa."

"Apa?"

"Apo mung'amba mphepete! Ndipo msomali umenewo ndi wokhomera denga. Mukangomenya kamodzi ndalamayo ipindika ngati supuni."

"Ndiiwongola ndi pulayala."

"Pulayala!"

A Tawfiq anapezeka atagwada nawo pa simentipo, mawondo akulira, atagwira dzanja la hamala ndi manja awiri. Munthu wa ulemu wake, wodziwika mpaka ku Beirut, akulimbana ndi wokonza mipope pansi pa tebulo. Akakumbuka amati tsiku limenelo ndi limene anadziwa kuti ulemu ulibe mawondo.

A Khamis anatsitsa hamala, n'kuwayang'ana modandaula.

"Haji, ine sindikufuna kukukhumudwitsani. Koma Rawan ndi mwana wanga wamkazi mmodzi yekha. Pamene amayi ake amandikalipira iye sanayankhule kanthu. Anangowerenga ndalama zija kawiri, n'kunena kuti, 'Palibe kanthu, Baba, ndidzabisa mpatawo ndi tsitsi.' Mawu amenewo andisowetsa tulo. Kukalipa ndinakuzolowera, koma kukhululukidwa ayi."

Apa a Tawfiq anagonja, ndipo anadziwa kuti agonja. Nawonso anali ndi mwana wamkazi, wokwatiwa kutali, amene amaimba foni pa Idi pokha. Chisoni chinawagwira, cha mtsikanayo, cha mejidi, ndi chawo chomwe.

"Ndipatseni kuno," anatero mwaukali. "Ngati ikufa, ife m'manja mwa munthu woidziwa."

Asanayambe za ndalama a Tawfiq anali wokonza mawotchi, ndipo kachikwama ka zipangizo zakale sankakasiya kunyumba. Anatulutsa kachoboolera kopyapyala ngati singano, naika galasi padiso. Anayeza kawiri. Anaika kadontho. Anapempha Mulungu, napepesa sulutani, n'kuyamba kupota.

Ogulitsa anzawo anasiya matebulo n'kudzaima mozungulira, manja atapinda ngati pamaliro. Wina anachotsa chipewa. A Khamis anagwira mpweya osauzidwa.

Kafumbi kasiliva kanagwera pakansalu kofiira. A Tawfiq anasalaza m'mbali mwa bowolo, napukuta, n'kukweza ndalamayo kuwindo. Kadzuwa kanadutsa pakabowo kozungulira bwinobwino, pamwamba penipeni pa chidindo. Misozi inali m'maso, koma tinene zoona, kamtima kena kankanyada.

"Bowo ngati ili simulipeza Amman yense," anatero akufwenthera m'mpango.

"Manja anu adalitsike, Haji! Lachinayi mubwere, mansafu, mpunga wa nyama uja, adzakhala a nkhosa zitatu. Mudzakhala kutsogolo."

"Ndidzabwera. Ndikufuna ndidzaione komwe yakagwera." Anaikulunga m'kapepala kofewa, naipereka ndi manja awiri. Anatembenukira kwa anzawo aja, chifuwa chili patsogolo. "Mwaona? Tawfiq sabweza mawu."

"Taona," anatero a Yaqub.

A Khamis anamaliza tiyi wawo wozizira, pakuti anauzidwa kuti ndalama ndi pambuyo pa tiyi. Anatulutsa mpukutu wa madinari, nayamba kuyala patebulo. Ali pakati anaima. Anamasula kapepala kaja, nayang'ana mejidi. Anayang'ana kabokosi ka nsapato. Kenaka anadzimenya pamphumi, n'kubweza mapepala ambiri m'thumba, kusiya limodzi la khumi ndi lina la asanu.

"Mundikhululukire, Haji, ulendo woyamba munthu salephera kulakwitsa. Pang'onong'ono ndikanakuchititsani manyazi pamaso pa anzanu."

"Manyazi anji?" anafunsa a Tawfiq akuyang'ana mapepala awiriwo.

"Ndikanakuphwanyitsani lamulo lanu. Iyitu ndi yoboola."