Ingoma ya Pabenchi

Aulutsi, ndine mayi wa ku Manyamula. Mundiwerengereko nkhaniyi, mwina eni ake ali pafupi ndi wailesi.

Nthawi ya makadi a chipani kunabwera amuna awiri ovala mataye, akuti osunga zinthu zakale, atanyamula makina ojambulira mawu. Anati makinawo adzakumbukira gule wathu wa ingoma ife tonse titafa. Wapampando wa chipani anasonkhanitsa madoda ovina, bambo anga ali patsogolo.

Atangoponda pansi, wamakina uja anakweza dzanja. "Mapaziwo akuwononga mawu. Khalani pabenchi, muzingoimba."

Bambo anati, "Ndapota, ada, gule ameneyu alibe ng'oma. Ng'oma yake ndi phazi."

Wapampando anangowayang'ana, mbwenu madoda anatula zishango n'kukhala ngati ana a sukulu. Atatha kuimba, alendo aja atatiyatsira tepi yawo kuti timve, zinkamveka ngati nkhalamba zodandaula pamaliro, koma alendowo anati zatuluka bwino chomene. Bambo anachoka osatsanzika, ndipo sanavinenso mpaka tinawaika m'manda.

Tsono mabwana inu osunga zakale, adzukulu athu akadzabwera kudzamvera, mudzawauze zoona. Munasunga kutsokomola kwa madoda. Ingoma munaisiya m'fumbi ku Manyamula.