Kabala kakang'ono, kabotolo m'jumbo

Mtsempha wa magazi unaphulika m'mimba mwanga chifukwa cha mowa, ndipo ndili moyo mwa chisomo cha Mulungu basi.

Abale ndi alongo, ndinali mtolankhani kuno ku Mzuzu. Nkhani ndinkazilembera m'mabala a ku Chibanja, botolo lili pambali. Mowa unatupitsa kapamba wanga, chiwalo chothandiza kugaya chakudya. Ululu unkabowola mpaka kumsana. Chimbudzi changa chinali chamafuta, chonunkha ngati khoswe wofera kudenga. Mkazi wanga, NyaGondwe, ankachapa zovala zanga atamanga kansalu pamphuno. Ine ndinkamwabe.

Tsiku lina ndinasanza magazi m'minibasi ya ku Luwinga, pamapazi pa mayi wonyamula khanda. Mayiyo sanatukwane. Anangondiyang'ana ngati chinthu chowola.

Madokotala anapeza kuti madzi a kapamba adya khoma la mtsempha. Ananditumiza kuchipatala chakutali. Kumeneko sanang'ambe mimba. Anabowola pang'ono mphechepeche mwa ntchafu, nalowetsa kapaipi kowonda ngati chingwe cha chaja. Ankakatsata pa sikirini mpaka pamalo owonongekawo, n'kutsekapo ndi timawaya topota. Ndinali maso, ndikupemphera koyamba chichokereni ku Sande sukulu. Magazi anasiya kutuluka.

Dokotala sanazungulire: "Mtsempha tatseka, koma kapamba sitinachize. Mukamwanso, mwina simudzafika kuno."

Nditabwerera kwathu ku Msongwe, a Chirwa, mnzanga wa kumowa, anabwera kudzandizonda ndi jumbo ya nthochi.

"Monire, akulu! Tione chipsera."

Ndinawauza kuti pali kabala kochepa ngati ka minga.

Anaseka. "Opaleshoni yopanda ulusi? Ndiye simunadwale inu, bwana!" Anapisa m'jumbo, pansi pa nthochi, n'kutulutsa kabotolo. "Kobwezeretsa magazi."

Anakatsekula. Fungo lomwe ndinalikonda zaka zonsezo linandibwezera m'minibasi muja. Ndinachita nseru mpaka misozi. Abale, nseru imeneyo ndi imene Yesu anandipatsa.

"Yewo chomene chifukwa cha nthochi, a Chirwa," ndinatero. "Chinacho tulukani nacho."

Chichokereni tsikulo sindinalawe. Ndimadya zopanda mafuta, ndimameza mapiritsi pa chakudya chilichonse, ndipo NyaGondwe anasiya kumanga kansalu. Dzina la Ambuye litamandike!

Mwezi wamawa ndikajambulidwanso kuti aone ngati mtsempha ukadali wotsekeka. Mundipempherere. Inu amene msana ukuwawa koma kabotolo kali m'thumba, pitani kuchipatala, ndipo Lamulungu mubwere kutchalitchi kuno. Pabenchi langa pali malo awiri: a Chirwa ndi inu.