Ati Ankangolawa

Aulutsi, chonde werengani kalata yangayi koma musanene mudzi wathu, amuna anga amamvera wailesi.

Mwezi watha ine ndi amuna angawo tinanyamuka wapansi kupita kumsika wa Nsanama, ine khanda langa lili kumsana. Khomo lililonse lophika masese iwo ankapatuka. "Sindikumwa ine, mayi a mwana, ndikungolawa." Paja wophika mowa samana mlendo chipanda cholawa. Kuwasiya sindikanatha, khadi langa la chipani linali m'thumba mwawo, ndipo wopanda khadi salowa mumsika.

Pakhomo lachinayi panali chithanthwe chachitali kuposa mtengo wa mango. Ndinangoti, "Bambo, mwaledzera, tiyeni." Amuna anzawo anaseka. Basi amuna anga anandisolola mwana kumsana n'kuyamba kukwera naye, dzanja limodzi pamwala, linalo lapanira khanda.

Ali pamwamba anakuwa, "Nena anthu amve, ndaledzera ine?"

Ndinagwada. "Iyayi bambo, mwangolawa!"

"Bwereza!"

Ndinabwereza katatu, anthu akuwomba m'manja. Potsika phazi linaterereka, mwana n'kugwa. Mwana sanafe, koma kamkono kanathyoka, ndinakamva ndi makutu angawa.

Kuchipatala iwo anati mwana anapulumuka kumsana kwanga. Anamwino atandiyang'ana, ndinavomera. Lero apongozi amandinena kuti sindidziwa kubereka mwana, amuna anga n'kumavomereza, "Muuzeni, amayi, ngwosasamala ameneyu."

Kamkono kapola mokhota. Loweruka likubwerali akuti tipitenso ku Nsanama, njira yake yomweyo. Amayi anzanga, ine mbereko ndayamba kumanga mfundo zitatu, ndipo pakamwa ndidzatseka.