Nyimbo ya m'chifuwa

Pa siteji ya basi, mnyamata woimbitsa nyimbo m'maukwati anafungatira katoni ngati khanda. Mayi wina wachikulire analephera kupirira.

"Mwana wanga, muli chiyani m'menemo?"

"Ampulifaya, amayi. Yakale inali yaing'ono. Ndikangokweza, masipika anga ankasasa mawu ngati tambala wachimfine. Wokonza mawailesi anati ndipeze yoposa masipikawo mphamvu pang'ono, kuti izikoka osabanika."

"Nanga phokoso lonselo n'lachiyani?"

"Loweruka mlongo wanga akukwatiwa. Mayi athu makutu anagontha kalekale. Ndikatsinzina ndimawaona atakhala pafupi ndi sipika, nyimbo ikuwagunda m'chifuwa, kenaka n'kudzuka kuvina."

Mayiyo anayang'ana kutali, akumwetulira.

"Ukawauze avule nsapato. Malemu amuna anga nyimbo ankaimvera kumapazi."