Njinga ya Pabalaza Yapeza Mwini

Wometa tsitsi wina, amene anzake amamutcha Injiniya, anali ndi njinga yamoto yakufa imene ankaisunga pabalaza, pakati pa sofa ndi tebulo. Mkazi wake atatopa n'kukolopa oyilo tsiku ndi tsiku, anamanga kachikwama n'kupita kwa makolo ake, atasiya mawu oti adzabwerera njingayo ikatuluka.

Injiniya anaiika pa okushoni ya pa intaneti, pomwe anthu amapikisana kutchula mtengo ndipo wotchula waukulu ndiye amatenga katunduyo. Koma ogula ake anali a pakamwa okhaokha. Woyamba anapambana n'kuthimitsa foni mpaka lero. Wachiwiri anabwera ndithu, anaikwera, anadzijambula, anamwa tiyi, n'kunena kuti akukaganiza kaye. Ulendo wachitatu Injiniya anati achenjere. Anapempha mlamu wake, mlonda wa pasitolo ya matayala, kuti azilowererapo pang'ono kukankha mtengo. Apa ndiye analakwa, chifukwa mlamuyo ndi munthu woti ukamuuza kuti aime pachipata, mvula imamupeza pomwepo.

Okushoni itatsekedwa, mlamu anatulukira m'mawa atavala malaya ositasita, nkhope ili mwee.

"Alamu, tapambana."

"Wapambana ndani?"

"Ife. Makamaka ineyo."

Injiniya anasuzumira pafoni. Dzina la wogula linali la mlamu wake, chithunzi chomwe, atavala yunifolomu ya ulonda.

"Aa, alamu. Ndinati muzikankha mtengo, osati mugule."

"Munati ndisalole njinga yanu ipite ndi munthu wamasewera. Yapita? Si iyi ili apa?"

"Nanga ndalama zake muli nazo?"

"Ndalama za chiyaninso? Ine ndimangothandiza."

Injiniya anakhala pa njinga yakufayo, poti ndiyo inali pafupi. Anafotokoza mofatsa, ngati akuphunzitsa mwana kumanga nsapato, kuti munthu umakweza kamodzi, kawiri, kenako umasiyira eniake. Mlamu anamvetsera bwinobwino, n'kuyankha kuti iye kusiya ntchito pakati sanaleredwe nako.

"Komanso munthu ndimalimbana naye uja anali wamakani," anatero mlamu. "Ndikaponya, waponya. Ndikaponya, waponya. Thukuta kamukamu."

Injiniya anawomba m'manja. "Eya, ameneyo ndiye wogula weniweni. Timufufuze, timupepese, aitenge pa mtengo wake womwewo."

"Kufufuza kwa chiyani? Tinali pabenchi imodzi."

"Mukumudziwa?"

"Chibadwire changa. Ndi achemwali."

"Achemwali anu ati?"

"Ndili nawo angati? Akazi anu."

Nkhope ya Injiniya inawala. Anasisita thanki ya njingayo n'kunena kuti iye ankadziwa kale kuti mkazi wake amaikonda mumtima, kungoti akazi saonetsera.

"Ayi, sizo," anatero mlamu. "Anali atapangana kale ndi anyamata ogula zitsulo zakutha, oyenda ndi sikelo aja. Anati akapambana, ngolo ibwera masana kudzaitenga, iwo abwerera kuno madzulo."

Mawu amenewa anamulowa Injiniya. Anali atamusowa mkazi wake kwambiri, ngakhale kuti sakanavomera pagulu. Nyumba inali zii, ndipo usiku ankadzipeza akufotokozera njinga nkhani za kuntchito.

"Ndiye inu mumadziwa kuti akapambana abwerera?"

"Ndimadziwa."

"N'kuwagonjetsa?"

"Sizinali zophweka, alamu. Anandinyengerera, ndinakana. Anandilanda chaja, ndinakabwereka kwa aneba. Mapeto anandigenda ndi patapata. Ndinawauza kuti ndinalonjeza alamu anga."

"Lembani pompano kuti mwasintha maganizo."

"Iii, kuti ndifanane ndi uja wothimitsa foni? Munamutukwana ine ndikumva. Ine dzina langa siliipa pa intaneti."

Mlamu anaperekako nzeru yoti bwanji angoikankhira kuseri kwa nyumba, akazi aone kuti yatuluka. Injiniya anakana kwa mtuwagalu. Njinga yake sigona pamvula, anatero, ndipo siinafe ayi, ikungofuna kachitsulo kamodzi kamene sikapezeka m'masitolo a kuno. Mlamu atafunsa kuti kachitsulo kake kati, anauzidwa kuti asalowerere nkhani za akatswiri.

Dontho la oyilo linagwa pansi kuti tho. Injiniya analiyang'ana, anayang'ananso mpando wa mkazi wake umene unali utayamba fumbi, n'kupumira m'mwamba. Kenako anatsika pa njingayo ngati munthu wopereka mwana wake kwa alendo.

"Chabwino. Za ndalama ziiwaleni. Ndakupatsani ulere."

"Zoona, alamu?"

"Zoona. Ndi yanu. Muziisunga m'nyumba, muziipukuta. Chachikulu ituluke muno lero lomwe, mkazi wanga abwere."

Mlamu anathokoza ndi manja awiri mpaka misozi kulengeza. Anaizungulira njingayo, anaiyeza ndi zikhatho kuyambira kutayala lakutsogolo mpaka kumbuyo, akuwerengera pansipansi. Atatha anagwedeza mutu mokhutira, n'kukhala pasofa.

"Ikwana ndithu m'chipinda changa kwa makolo kuja, pafupi ndi bedi."

"Ndiye mukukhaliranji? Gwirani uko, ine ndigwire kuno."

"Lero sizitheka, alamu. Malo kulibe."

"Mwangonena kumene kuti ikwana."

"Ikwana, eya. Kungoti chipindacho akugonamo ndi akazi anu. Akangobwerera kuno, ine ndidzaitenga tsiku lomwelo."