Ndinawaletsa Kugwira Mwana Wawo

Abusa, akulu a mpingo, amayi ndi abambo, mtendere wa Ambuye ukhale nanu. Ndaima pano kuti ndichitire umboni, koma umboni wanga uli ndi manyazi mkati. Mawu akamanjenjemera mundipirire.

Mukudziwa kuti miyezi itatu yapitayo Mulungu anatipatsa mwana, Limbani. Mwana woyamba, abale. Amayi anga amayenera kubwera kuchokera ku famu kudzandithandiza, koma ndi nkhondoyi basi ya kwawo inaleka kuyenda, msewu akuti uli ndi mabomba. Tinatsala awiri m'nyumba, muno mu Torwood, ine ndi bambo a Limbani.

Bambowa anakondwa, anakondwa ngati apenga. Tsiku limene tinatuluka m'chipatala anagulira maswiti ana a mzere wathu wonse. Koma kumunyamula mwana, ayi. Amaima patali n'kumangomuyang'ana. Ndikati, "Tamulandireni," amabisa manja kumbuyo. "Manja angawa ndi a ku ng'anjo ya zitsulo, ndimuthyola." Akayetsemula mwana, iwo thukuta. Akagona nthawi yaitali, amaika khutu pamphuno pake kuti amve ngati akupuma.

Kenaka anayamba kuchedwa. Shifiti ikutha thuu koloko, iwo kufika foo. Ndikafunsa, "Ndinali ndi anzanga." Tsiku lina pa mpopi mayi wina anandikokera pambali. "Amake Limbani, amuna anu timawaona akulowa kwa Mai Moyo, amasiye aja a kuseri kwa holo. Tsiku ndi tsiku, shuwa." Sabata yomweyo mwana anayamba kutsegula m'mimba. Amayi ena atamuona anangoti, "Ili ndi tsempho. Bambo akayenda kunja mwana ali wakhanda, zimatere."

Abale, ine ndili ndi setifiketi ya ku koleji. Ndimaphunzitsa ana za ukhondo, za ntchentche, za kuwiritsa madzi. Ndine wobatizidwa. Koma ndinakhulupirira. Ndinakhulupirira, abusa! Bambowa sindinawafunse n'komwe. Ndinangowauza kuti, "Mwana wanga musamukhudze. Ngakhale thewera lake musaligwire." Kuyambira pamenepo ankangoima pakhomo. Masiku anayi mwana akufooka, ine ku kiliniki osapita. Ndinkaopa kuti asisita akandifunsa, dzina lathu limveka Torwood yonse. Ndinkasamala dzina, mwana akutha.

Tsiku lachisanu bambowa anabwera masana ndi ovolosi yawo, atathawa shifiti, chinthu chimene munthu amachotsedwa nacho ntchito. Anaima pakhomo la kuchipinda. "Amake Limbani, liwombo lalowa. Maso alowa. Ndakhala ndikumuona ndili pano. Tiyeni ku kiliniki."

Ine ndinati, "Mwamudwalitsa ndinu."

Sanakangane nane. Anasamba m'manja, anandikankhira pambali, namunyamula. Koyamba, abale. Dzanja limodzi kukhosi, lina kumsana. Anamuchotsa thewera, kumupukuta, kupinda lina mwaluso kuposa ine, pini osamubaya.

"Wakuphunzitsani ndani?"

"Mai Moyo. Analera ana asanu ndi awiri. Ndimaphunzirira pa mdzukulu wawo, kusambitsa, kunyamula. Amayi anu kulibe, inu mumatopa. Ndikananena, anzanga ku ntchito akanandiseka."

Maiwe! Koma nthawi yolira panalibe. Anathamanga naye, ine pambuyo opanda nsapato. Asisita atamuona anakalipa, "Munali kuti masiku onsewa? Madzi atha m'thupi mwa mwanayu!" Bambowa ndi amene anayankha, "Tachedwa, mayi, tikhululukireni." Tachedwa. Sanati wachedwa ndi uyu.

Anatitumiza ku chipatala ku Kwekwe, ndipo tinakhalako masiku asanu ndi limodzi. Mulungu anamva. Mwana anayambanso kuyamwa. Ku ntchito bambowa anawapatsa chenjezo lomaliza, koma sanawachotse.

Mtima wanga sunakhazikikebe. Mwana akatentha thupi pang'ono ndimathamangira ku kiliniki. Za amayi anga sindinamvebe kanthu, muziwapempherera. Ndipo pali chinthu chimene kunyumba chandikanika kunena. Ndiye ndichinenere pano, poti nkhani ija inayenda pa mpopi, iyinso iyende.

Mai Moyo sanalakwe. Amuna anga sanalakwe. Bambo a Limbani, muli kumbuyoko, musawerame. Ndinakunamizirani, ndinakulandani mwana wanu. Ndikhululukireni.

Ndikuthokoza Mulungu amene anandisungira mwana ndi banja pamene ine ndinkazitaya ndekha. Amayi, ine mawu andithera, ndiimbireni nthungululu. Kondwani nane, mwana ali moyo. Amen.