Mwendo wa Atumani Usapindike

Atumani, mwini maboti a usodzi ku Makanjira, anagona chagada m'chipinda cha pachipatala china ku Mangochi. M'mawa madokotala anawalowetsa kapaipi pamtsempha wa pantchafu mpaka kumtima. Powatulutsa, namwino anasiyira lamulo mlamu wawo Bashiru, mchimwene wa akazi awo: mwendo usapindike, mutu usadzuke, apo ayi bala litseguka, magazi athamanga.

Bashiru anakhala kumiyendo. Manja onse pabondo la wodwala.

"Alamu, apongozi afika?" anafunsa Atumani.

"Afika. Ali pabenchi panja."

"Ndiye ndidzutse."

"Asisita anati mutu usadzuke."

"Iwe! Amayi ako atsika boti kuchokera ku Makanjira, adzandipeze ndili chagada ngati chambo cha pathandala? Unaonapo mkamwini wolonjera apongozi atatambalala?"

"Sindinaonepo. Lero ndiona."

Atumani anapumira m'mwamba. Denga linali ndi ming'alu, anaidziwa kale yonse.

"Chabwino, dokotala wamkulu. Ndingopinda pang'ono. Kaulemu chabe."

"Mwendo uti?"

"Uwu wodwalawu."

"Umenewo ayi. Winawo pindani mmene mungafunire."

"Ndigwade ndi mwendo umodzi? Ndine kakowa ine?"

"Za kakowa asisita sanatchule."

"Wallahi, mlongo wako ananditumizira msilikali! Ndipatse kofia."

Bashiru anatenga kofia ndi dzanja limodzi. Linalo silinachoke pabondo. Anayang'ana mutu, anayang'ana pilo. Kuveka kunafuna kudzutsa mutu. Anangoiika pankhope.

"Chotsa! Ndafa ine?"

"Ayi. Koma mukapinda, asisita anati mwina."

Atumani anaiuzira kumbali, n'kuyamba kudzikankha ndi zigongono. Bandeji inakoka. Thukuta linatuluka pamphumi. Bashiru anagonera mwendo ndi chifuwa chonse, ngati akukanikiza bwato pamafunde.

"Ndisiye! Bola magazi kusiyana ndi manyazi. Moyo wanga wonse sindinakhalepo pampando apongozi ali chiimire!"

"Palibe waima. Munati apongozi akafika ndiwakhazike pabenchi. Ndawakhazika onse awiri."

Zigongono zinaleka kukankha.

"Awiri?"

"Amayi anga, ndi amayi ena ochokera ku Nkhudzi. Anafunsa pakhomo kuti mkamwini wanga Atumani wagona pati. Ndinati apongozi onse ndi pabenchipa."

"Pabenchi limodzi?"

"Lilipo limodzi lokha."

"Ndipo... akulankhulana?"

"Kwambiri! Amayi a ku Nkhudziwo akuti mwana wawo Safia ali ndi pakati, n'chifukwa sanabwere yekha. Amayi anga anawafunsa kuti usipa wa ku Nkhudzi umene inu alamu mumapitira mwezi ndi mweziwo ndi umenewu? Akudikira mudzuke."

Chitseko chinatseguka. Namwino analowa, nayang'ana bandeji, nakanikiza ndi chala.

"Bwino kwambiri, bambo. Bala lagwira. Mutha kukhala tsonga tsopano. Alendo anu alowe?"

Bashiru anachotsa manja pabondo, nawawongola mosangalala.

"Alihamdulila! Dzukani, alamu, mukagwade."

Atumani anafufuza kofia pambali pa pilo. Anaiika pankhope okha, bwinobwino.

"Gwira mwendo, Bashiru," anatero mawu a pansi pa kofia. "Asisitawa ndi ana. Za mtima sazidziwa."